Ng'ombe Imene Ndinasiya Kumchenga

Ntchito yanga ya mabasi inatha Lachisanu masana. Anatisonkhanitsa pabwalo la garaja, pakati pa mabasi okhala pamiyala opanda matayala, bwana wina n'kuwerenga pepala lonena kuti kampani yatsekedwa. Mawu akewo sindiwakumbuka. Ndimangokumbuka kuti ndinayenda wapansi mpaka ku Matero, bokosi la masipanala lili paphewa, ndipo panjira sindinapatse moni munthu aliyense.

Masiku amenewo Lusaka anali atauma gwa. Ufa tinkaimira pamzere, sopo pamzere, mafuta ophikira ukawaona m'sitolo unkathamanga kukaitana mkazi wako kuti nayenso adzaime. Ife amakanika tinali titazolowera kale kugwira ntchito popanda zitsulo zatsopano. Basi ikafa tinkaichotsa ziwalo n'kuika pa inzake. Mabasi atatu ankabala imodzi yoyenda. Gasiketi tinkadula pa katoni, lamba tinkasoka ndi waya. Sitinkadziwa kuti tili pasukulu. Tinkangoti ndi mavuto.

Ndinayesa kukonza magalimoto pansi pa mtengo pafupi ndi msika, koma munthu wosowa ufa sakonzetsa galimoto. Kenako mnzanga wina wa kugaraja, amene anali atadutsa kale ku Botswana, anatumiza uthenga: eni ng'ombe a mudzi wina akufuna munthu wodziwa injini ya dizilo, woti azikhala pachitsime chawo. Ndinauza mkazi wanga Esinati ndikuyembekezera kuti alira. Sanalire. Anali akuchapa yunifolomu ya mwana wathu Dailesi, amene anali atangoyamba sukulu, ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

"Muyende chabe, batate ba Dailesi," anatero. "Apa manje tizadya chani, masipanala?"

Analira tsiku lonyamuka, pasiteshoni, atandipatsa kale nsawa zokazinga m'kathumba. Dailesi ankaganiza kuti ndikupita ku Kabwe ndipo ndibwera Loweruka. Anandilamula kuti ndimugulire mabanzi.

Ndinawoloka Zambezi pa pantuni ya ku Kazungula, n'kukwera lole mpaka ku Francistown, kenako lole ina kulowera kumadzulo, mpaka msewu unatha n'kutsala mchenga wokhawokha. Dzina la mudziwo lilime langa linatenga chaka kuti lilitchule, ndipo ngakhale lero eni ake atandimva akhoza kuseka. Kunalibe phiri, kunalibe mtsinje. Mitengo ya minga, mchenga, ndi thambo lalikulu ngati lilibe malire. Pakati pa zonsezi panali kanyumba kamalata, m'kati mwake injini ya silinda imodzi yoyendetsa pampu ya chitsime chakuya, kunja thanki ndi zomwera ng'ombe. Mudzi wonse, anthu ndi ziweto, unkamwa pamenepo. Chipinda changa chinali chogundana ndi kanyumbako. Chilimwe chinali ng'anjo, koma m'mwezi wa Juni madzi a m'beseni ndinkawapeza ataundana.

Masabata oyamba palibe amene ankalankhula nane. Ankabwera ndi ng'ombe zawo, n'kundiyang'ana, n'kunong'onezana kuti mokwerekwere, ndiye kuti mlendo wa chilankhulo chosamveka. Ine ndinayankha ndi injini. Ndinaiphwasula yonse, ndinaitsuka, ndinaibwezera, ndipo utsi wakuda umene anali atauzolowera unatha.

M'mawa wina kunabwera mdala wamtali pa kavalo, chipewa chachikopa kumutu. Anatsika, anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, kenako anafuula kuti, "Achimwene! Muli bwanji?"

Sipanala inandigwa m'manja.

Amenewo anali a Modise, mmodzi wa eni chitsimecho. Pa unyamata wawo anagwira ntchito m'migodi ya ku Joni pamodzi ndi anthu a ku Malawi, ndipo mawu ochepa a Chinyanja anali atawasunga zaka zonsezo ngati mbewu m'nsupa. Akatha mawuwo tinkapitiriza ndi Chilapalapa cha kumigodi, chimene ine ndinatola kwa amalume anga a ku Kitwe, mpaka pamene ndinaphunzira Chitswana. Anandifunsa dzina la mwana wanga woyamba. Nditawauza, anatembenukira anthu amene anali pazomwera ng'ombe n'kunena kuti, "Uyu ndi RraDailesi." Ndiye kuti atate a Dailesi. Kwawoko, monganso kwathu, munthu wobereka satchulidwa dzina. Kuyambira tsiku limenelo liwu lija la mokwerekwere sindinalimvenso pachitsime.

Chimene chinandivuta kwambiri si kutentha, koma ndiwo. Anthu aja amadya nyama, mkaka wowawasa ndi phala la mapira. Masamba anali osowa. Ine pakamwa pankalakalaka chibwabwa, masamba a maungu aja othira nsawa. Nditapita kwathu pa Khirisimasi yoyamba ndinabwerako ndi njere za maungu, repu ndi therere, n'kudzala pamene thanki inkadonthera, n'kutchinga ndi minga. Amuna ankaima pampandapo n'kumaseka kuti RraDailesi wasanduka mbuzi. Chaka chisanathe akazi awo ankabwera ndi timapepala kudzapempha njere.

Malipiro ndinkatumiza kudzera kwa madalaivala a malole opita ku Lusaka, pamodzi ndi katoni ya sopo, shuga ndi mafuta ophikira. Esinati sankadya zonse. Zina ankagulitsa pakhomo, ndipo m'makalata ake ndinayamba kuwerenga za tebulo kumsika, kenako za mabelo a salaula, zovala za kaunjika zija, kenako za njerwa ndi malata. Kwathu ndinkapita kamodzi pachaka, zaka zina osapita n'komwe, chifukwa chilimwe chikakula injini siisiyidwa. Ulendo uliwonse ndinkapeza Dailesi watalika, koma mawu ake kwa ine akuchepa.

A Modise anali ndi mwana wamkazi, Kefilwe, mayi wa ana atatu. Mwamuna wake anamwalira ndi matenda aja amene anatha anthu zaka zimenezo, kwawo ndi kwathu komwe. Ankabwera kudzatunga madzi pa ngolo ya abulu, koma m'malo mobwerera ankaima pakhomo la kanyumba ka injini n'kumaonerera. Tsiku lina anandifunsa chifukwa chimene ndimagwiritsira kachitsulo katali pa injini, mbali ina ndili nayo kukhutu. Ndinamupatsa kuti amve yekha. Anamvetsera nthawi yaitali, n'kuti, "Muli kanthu kakugogoda kosagwirizana ndi zinzake." Kanalimodi. Valavu inali itamasuka, ndipo ine mwiniwake ndinali ndisanaimve.

Ndinakapempha kwa atate ake kuti ndimuphunzitse. Amuna a m'mudzi anati injini si mphika. A Modise anangoti, "Ana anga aamuna ali kutauni, amaopa girisi. Mphunzitse." Patapita zaka zitatu, Kefilwe ankatha kuchotsa mutu wa injini n'kuubwezera ine nditakhala pachigubu ndikumwa tiyi.

Chimene anthu a kumeneko amandikumbukira nacho ndi chaka cha chilala chachikulu. Mvula inakana zaka ziwiri zotsatizana. Zitsime za midzi yoyandikana zinauma, ng'ombe zawonso n'kumabwera kwa ife, ndipo injini inkayenda osapuma. M'mawa wina inkalira bwinobwino, lamba akuzungulira, koma kupaipi kunkangotuluka mpweya. Ndinadziwa msanga. Pansi penipeni pa chitsime, m'kati mwa pampu, mumakhala timakapu tachikopa tokweza madzi, ndipo timakaputo tinali titadyeka. Tinatumiza munthu kutauni. Anabwerako tsiku lachiwiri ndi yankho lakuti m'masitolo mulibe, ayenera kuitanitsa ku Joni, tidikire masabata atatu.

M'thanki munali madzi a masiku awiri, a anthu okha. Ng'ombe zinaima mozungulira mpanda, mazanamazana, zikulira. Amene sanamvepo kulira kwa ng'ombe zaludzu sangakudziwe. Zina zinayamba kugona pansi, ndipo ng'ombe yaludzu ikagona sidzukanso. Eni ng'ombe anakhala pansi pa mtengo n'kumakambirana zozikusa ulendo wa masiku atatu kupita kuchitsime china, akudziwa kuti zambiri zifera panjira.

Ndinaimirira pakati pawo, chipewa m'manja. "Ndipatseni amuna khumi ndi awiri, ndi chikopa chofufuta bwino, chochindikala. Timakapu ndipanga ndekha."

Mwamuna wina anaseka mwaukali. "Za kufakitale upanga iwe ndi mpeni?"

"Kwathu mafakitale anatseka kalekale," ndinamuyankha. "Mabasi ankayendabe."

Zikopa zimene anabweretsa zinali zopyapyala, za mbuzi ndi zoyala pansi. Sizikanapirira ngakhale tsiku limodzi. A Modise anachoka. Anabwerera atasenza chishalo cha kavalo wawo, chimene anabwera nacho kuchokera kumgodi, chinthu chimene mudzi wonse unkadziwa kuti sichikhudzidwa. Anachiponya pamchenga patsogolo panga.

"Dula," anatero.

Ndinazengereza. Anandilanda mpeni n'kuyamba okha.

Tinakweza mapaipi tsiku lonse, imodziimodzi, pa chingwe ndi nsanamira zitatu, amuna akukoka, Kefilwe akumasula ndi sipanala yaikulu. Nyimbo yokokera anaiyambitsa a Modise, ya kumgodi, ndipo anthu anaimba mpaka manja anasupuka. Ine ndinasema chikombole pa mtengo wolimba, ndinaviika chikopa m'madzi ofunda, ndinachipanikiza m'chikombolemo ndi jeke ya lole, ndinachiumitsa padzuwa n'kuchinyika m'mafuta a ng'ombe osungunula. Koyamba kanang'ambika. Kachiwiri kanatuluka kopotoka. Sindinayang'ane nkhope ya munthu aliyense. Kachitatu kanatuluka bwino, kachinayinso chimodzimodzi.

Tsiku lotsatira masana tinamaliza kubwezera mapaipi. Kefilwe anapukusa handulo, injini inatsokomola n'kugwira. Tinadikira. Paipi inkangopuma ngati munthu wodwala chifuwa. Kenako inalavula dzimbiri, kenako matope, kenako madzi oyera, odzaza paipi yonse. Azimayi anaimba nthungululu. Mwamuna anandiseka uja anabwera n'kundigwira dzanja ndi manja ake awiri. Tinataya ng'ombe zisanu ndi zinayi. Timakapu ta kusitolo titafika tinangotiika pashelefu. Ta chishalo tija tinagwira ntchito mpaka mvula inabwera, n'kupitirirabe.

Ndinakhala kumeneko zaka khumi ndi zisanu. Kalata imene inandichotsako inali yaifupi. Esinati analemba kuti: "Kwabwela bantu na mbale kufunsila Dailesi. Nabauza kuti mwana uyu ali na batate bake, sinizayanka neka. Mubwele. Ndipo mukabwela, mubweleletu." Mawondo anga nawonso anali atayamba kukana kukwera thanki. Kalatayo ndinaiwerenga kawiri, n'kupita kwa a Modise.

Nthawi imeneyo maso awo anali atachita khungu. Anamvetsera atakhala pampando wawo wa zingwe zachikopa, n'kufunsa tsiku limene ndinkafuna kunyamuka. Ndinati Lolemba, pa lole yobweretsa dizilo. Sindinkafuna zambiri, ndinkaopa kulira pamaso pa anthu.

"Ayi," anatero. "Lole ya mwezi wamawa."

Kenako anandiuza nkhani imene sanandiuzepo zaka zonsezo. Kumgodi, mwala utawagwera pamwendo, amene anawakoka n'kuwatulutsa anali mwamuna wa ku Dedza dzina lake Jailosi. Anakhala chipinda chimodzi zaka zinayi. Tsiku lina a Modise atatuluka pansi anapeza bedi la Jailosi lopanda bulangete. Anthu onse a ku Malawi anali atabwezedwa kwawo.

"Sindinamuuze kuti zikomo," anatero. "Sindinamuuze kuti pita bwino. Mpaka lero ali pakhosi panga. Iwe suchoka choncho. Ulowa khomo lililonse."

Ndinalowadi khomo lililonse, mwezi wathunthu. Pena ankandipatsa tiyi, pena nyama youma, pena ankangondikhazika pamthunzi n'kumakumbutsana za chilala. Mwamuna anandiseka za timakapu uja anandipatsa ndodo yake yoyendera. Azimayi a madimba anandipatsa njere za maungu m'kabotolo, zidzukulu za zimene ndinabwera nazo, ati zikaone kwawo. Ndinapitanso kumanda, chifukwa ena mwa amene ndinakoka nawo mapaipi anali atagona kale. Ndinaima pa aliyense n'kumuuza kuti ndikupita.

Tsiku lomaliza mudzi unasonkhana pachitsime. Anapha mbuzi ziwiri, ndipo aliyense amene anafuna kulankhula analankhula, ena motalika kwambiri. Pomaliza a Modise anaimirira atagwira phewa la Kefilwe, n'kulamula kuti abweretse chija. Anabwera ndi ng'ombe yaikazi yofiira, yosaberekapo, ya chipumi choyera.

"Munthu amene wakhala nafe zaka zonsezi sangachoke wopanda ng'ombe," anatero. "Angakatinyozetse kwawo. Eni chitsime tonse tagwirizana. Ndi yako."

Ndinaseka misozi ili m'maso. "Bambo, kumalire sakailola kuwoloka. Ndipo ku Matero ndikaimangirira pati? Pakati pa chimbudzi ndi chingwe choyanika zovala?"

Anthu anaseka, koma a Modise sanaseke. "Wanena kuti uitenge ndani? Ng'ombe imakhala, mwini wake ndiye amayenda. Ikhala m'khola langa, mkaka tizimwa ife, ana ake adzakhala ako. Munthu wokhala ndi ng'ombe kuno ndi wa kuno."

Anandipatsa mpeni kuti ndidule chizindikiro changa pakhutu lake. Ine pamoyo wanga ndinali ndisanakhalepo ndi nkhuku yomwe. Ndinadula timizere tiwiri kukhutu lamanzere.

Bokosi la masipanala ndinapatsa Kefilwe pamaso pa onse, ndipo ndinawauza amunawo m'Chitswana chawo kuti asakafunenso mlendo wina, makanika ali naye kale. Kefilwe analowa m'kanyumba ka injini n'kutseka chitseko, ndipo anatuluka lole italiza kale hutala, maso ali psuu. A Modise anandigwira nkhope ndi manja onse awiri, monga amachitira osaona, n'kunena m'Chinyanja chawo cha kumgodi chija: "Achimwene, pitani bwino. Zikomo." Ndinadziwa kuti mawuwo ndikugawana ndi Jailosi. Ndinalandira mbali yanga, ndi yake yomwe.

Ku Matero ndinasochera pamsewu wanga womwe. Pamene panali bwalo la mpira panali tchalitchi chamalata cholira masipika, ndipo nyumba yathu ya zipinda ziwiri inali itasanduka ya zipinda zisanu, ya geti. Esinati anali atanenepa, makiyi ali m'chiuno, kumsika anthu akumupatsa njira. Tsiku loyamba ndinafuna kusuntha mpando wa pabalaza, iye anati, "Uyo unkala apo." Ndinaubwezera. Dailesi anandigwadira mwaulemu ngati mlendo wa kutchalitchi, n'kunditcha badadi, ndipo Chinyanja chake chinkathamanga moti mawu ena ankandidutsa. Ine ndikalankhula, Chitswana chinkagwera m'kati, iwo n'kumayang'anana. Za ukwati ndinayankha monga bambo, koma ndinaona kuti zonse anali atazikonza kale amayi ake, ndipo anazikonza bwino. Sindinadandaule. Nyumba imene ndinaisiya m'manja mwa mkazi ndinaipeza itaima kuposa mmene ndikanaiimikira ine.

Ndikawauza za ng'ombe, anzanga a pansolo ankaseka. "Bamudala, ng'ombe yamene sitiona ni ng'ombe ya boza." Ndinasiya kuitchula.

Panapita zaka zisanu ndi chimodzi. Makalata ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo m'kalata ina ndinalembamo nambala ya foni ya Esinati. Tsiku lina masana, ndili kumsika ndikumuthandiza kumasula belo, foniyo inalira. Anamvetsera, n'kuchita tsinya, n'kundipatsa. "Ni bamai bena, sinimvela vamene bakamba."

Anali Kefilwe. A Modise anali atamwalira m'mawa womwewo, atakhala pampando wawo. Maliro Loweruka. Ndinakhala pansi pabelopo. Ndinadziwa kuti sindikafika. Pasipoti inali itatha, ndipo ulendo wa malole sunalinso wa mawondo anga. Ndinamufunsa za injini, chifukwa sindinadziwe china chofunsa. Anati ikuyenda. Kenako anati, "RraDailesi, atate anasiya mawu. Ng'ombe zanu zakwana zisanu ndi zitatu. Anati mulamule nokha chochita nazo."

"Pali mfule?" ndinafunsa.

"Ilipo, mwana woyamba wa yofiira ija. Ndi yaikulu kuposa zonse m'khola."

"Iphedwe imeneyo pamaliro, anthu adye. Ndipo ukaimirire iweyo, uwauze kuti nyamayo yachokera kwa mng'ono wawo wa ku Lusaka."

Kumbali inayo ndinamumva akuuza anthu amene anali naye pafupi, ndipo mawu ambiri anayankha pamodzi.

Nditabweza foni, Esinati ndi azimayi a matebulo oyandikana anali akundiyang'ana. Anali asanandimvepo ndikulankhula Chitswana chokhachokha, mokweza chotero, misozi ikutsika.

"Ni chani, batate ba Dailesi?"

"Mkulu wanga wamwalira," ndinatero. "Ndapha ng'ombe."

Esinati anatenga chitenje n'kuvundikira tebulo lake, dzuwa lili pamutu, makasitomala ali pomwepo.

"Tiyeni kunyumba," anatero. "Tili na malilo."